Mwamuna wa Mayi Wophika Buledi

Amuna anga ankawerenga mabuku ngati mmene amuna ena amamwera mowa. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 2 kwathu ku Katete. Chinyanja ndimawerenga, koma pang'onopang'ono, chala chili pamzere. Chingerezi ndimangochiona ngati nyerere zondondozana. Mabuku awo onse anali a Chingerezi.

Tinkakhala ku Matero m'nyumba ya khonsolo, ife ndi ana athu. Iwo ankagwira ntchito yolemba katundu wolowa ndi wotuluka pakampani ina ya boma, ine ndinkagulitsa vitumbuwa pamsika. Zinali zaka zija za mizere. Unga wa nsima unali wa pamzere, sopo pamzere, mafuta ophikira pamzere. Ukaona anthu afola, nawe unkayamba wafola, kenako ndiye kufunsa chimene chabwera. M'masitolo a m'tauni mabuku atsopano anasowa, ndipo ochepa amene analipo, munthu wokhala ndi ana sakanafunsa mtengo wake kawiri.

Ndiye amuna anga ndi anzawo anayambitsa chimene ankachitcha chilimba cha mabuku. Ife azimayi pamsika tinali ndi chilimba chathu, chosonkherana mosinthanasinthana. Chawo chinali chotero, koma cha mabuku. Wofuna kulowa ankabweretsa buku lake. Buku lililonse ankalikuta ndi pepala la thumba la simenti kuti lisathe msanga, ndipo linkayenda motsata dongosolo, wina akamaliza n'kupereka kwa womutsatira. Lamulo lawo lalikulu linali lakuti usamuuze mnzako mathero a buku limene sanawerenge. Wochita zimenezo ankamudumpha ulendo wotsatira.

Sanali ambiri. Panali telala wa pamsika pathu, mdala wina amene kale anali kondakitala wa mabasi, ndi mayi wina wophunzitsa kupulayimale, amene aliyense m'komboni ankamutchula kuti ba ticha. Anali wamtali, woonda, wovala magalasi. Ukwati wake unatha kalekale ndipo ankakhala yekha, wopanda mwana.

Ankakumana kwathu Lamlungu masana, pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinkawapangira tiyi, masiku ena wa shuga, masiku ena wopanda. Telala ndi mdala uja ankakonda mabuku a mfuti ndi akazitape, ndipo nkhani zawo zinkatha msanga: wapha ndani, wathawa ndani, basi. Koma amuna anga ndi mphunzitsiyo sankamaliza. Ankayamba m'Chinyanja, mkangano ukatentha n'kulowa m'Chingerezi, ndipo pamenepo ine ndinkatsala panja ngakhale ndinali chiimire pompo ndi ketulo m'manja. Amuna anga, munthu wofatsa amene kutchalitchi sankamveka ngakhale poyimba, ankadzimenya pabondo n'kuimirira. Mayiyo ankavula magalasi n'kumawaloza nawo. Kenako onse awiri ankaseka mpaka kupukuta misozi.

Chimene chinkandipweteka kwambiri sichinali kusekako. Nthawi zina mayiyo ankatulutsa buku m'chikwama n'kunena kuti ili telala asavutike nalo, koma amuna anga adzalikonda. Ndipo sankaphonya. Ankalikondadi, mpaka kuiwala kudya. Ine ndinkadziwa mchere umene amuna anga amafuna m'ndiwo, ndinkadziwa kuti akakhala chete n'kumakanda khutu ndiye kuti kuntchito kwavuta. Koma chimene chingawasangalatse m'mutu mwawo ankachidziwa ndi mkazi wina, ndipo ankachinena mosavutika ngati akutchula mtengo wa tomato.

Mkulu wanga wa ku Chawama atabwera tsiku lina n'kuona zimenezi, anandikokera kukhitchini. Anati ndine wopusa, ndikuwiritsira tiyi munthu amene akundilanda mwamuna dzuwa likuswa mtengo. Ndinamuuza kuti si zimenezo, ndipo mpaka lero ndikudziwa kuti sizinali zimenezo. Amuna anga ankagona panyumba, malipiro ankabwera nawo kunyumba. Chikanakhala chibwenzi bwenzi nditadziwa chochita, chifukwa njira yake ilipo, umaitana ankhoswe. Nanga ankhoswe ukawauza chiyani? Kuti mwamuna wanga amaseka kwambiri akamakamba za buku?

Ndinayesa kuwauza eni akewo. Anaseka, n'kundifunsa ngati munthu angachitire nsanje pepala. Ndinawayankha kuti si pepala limene ndimalithirira tiyi. Sanasekenso. Anakanda khutu.

Kuyambira sabata imeneyo anayamba kundifotokozera mabuku. Akaweruka kuntchito, ine ndikukanda fulawa ya vitumbuwa vya mawa, ankakhala pakhomo la khitchini, buku lili pabondo chala chili mkati, n'kumandiuza m'Chinyanja zimene awerenga. Ankasintha mawu potengera munthu amene akulankhula, wamkulu mawu aakulu, nkhalamba mawu onjenjemera. Ndinkasangalala, sindikana. Komabe mumtima ndinkaziona ngati zovala za salaula. Ndi zabwino ndithu, zimakukwana, koma umadziwa kuti wina anayamba wavala. Lamlungu likafika, za pansi pa mango zinali zomwe zija.

Kenako kampani yawo inayamba kuchotsa anthu, ndipo iwo anali m'gulu loyamba. Anayenda m'maofesi ndi m'mafakitale mpaka nsapato kutha, osapeza kanthu. Anayamba kukhala pakhomo. Anayambanso kutsokomola, poyamba pang'ono, kenako chifuwa chosatha. Nthawi imeneyo mphunzitsi uja anawabweretsera buku lalikulu lopanda chikuto chake chenicheni, nati ili awerenge mosathamanga.

Linkakamba za mayi wina wophika buledi, m'dziko lozizira, nthawi ya nkhondo. Asilikali ankalanda fulawa, iye n'kumabisa matumba pansi pa matabwa a nyumba. Anthu ankafola pakhomo pake kusanache. Zimenezo ndinazimva msanga, chifukwa nanenso fulawa ndinkaipeza movutika. Koma amene anandigwira mtima anali mwamuna wa mayiyo. Anali waulesi, wokonda nyuzipepala, wosadziwa ngakhale kukoleza moto. Tsiku lina mkazi wake anamutuma kukafola mzere wa isiti wofufumitsira buledi, iye anakafola mzere wolakwika n'kubwerako ndi polishi wa nsapato, akunyadira kuti anali woyamba kugula. Mkaziyo anamuthamangitsa ndi thabwa lotulutsira buledi mpaka kumsewu. Ndinaseka mpaka ana anabwera kudzaona chimene chachitika.

Ndinati munthu ameneyo ndikumudziwa, amakhala ku Matero. Amuna anga anakweza bukulo m'mwamba, nkhope ili gwa.

"Amake ana, ni va m'buku ivi. Ine siniwonjezako."

Tinayenda nalo bukulo milungu ingapo, chifukwa ankatopa msanga. Akaleka ankaika kamtengo ka tsache pamene alekezera. Tinafika pamene fulawa inatheratu m'tauni monse. Mwamuna waulesi uja, kwa nthawi yoyamba, anapinda nyuzipepala yake, n'kutenga ngolo yokankha, kuti awoloke mtsinje akafune fulawa kumafamu, kumene kunali kumenyana. Mkazi wake anaima pakhomo kumuyang'ana akupita. Tinalekezera pamenepo. Mawa lake amuna anga anawagoneka kuchipatala, ndipo sanabwerekonso. Anamwalira mvula isanayambe.

Titaika maliro, achibale awo anakhala pansi kugawa katundu monga ankachitira masiku amenewo. Ankatsogolera ndi alamu anga, mkulu wawo wa malemu, wa ku Kanyama. Ine ndinakhala pansi pakati pa azimayi, nditafunda chitenje kumutu. Mkazi wamasiye salankhula pamenepo. Inapita wailesi, inapita njinga, inapita suti yawo ndi bedi. Katoni ya mabuku alamu anati aitenga okha, chifukwa akazi awo ankagulitsa mtedza wokazinga ndipo mapepala okulungira anali osowa. Anatambasula dzanja n'kutenganso buku lija, limene linali pawindo pamene malemu analisiya.

Pamenepo mphunzitsi uja, amene anali panja ndi anthu a m'komboni, anaima pakhomo. Anapepesa kaye, n'kunena kuti buku lokutidwa ndi pepala la simentilo silinali la malemu.

Alamu anamuyang'ana kuyambira kumapazi. "Imwe ndimwe bandani pa banja pano?"

"Sindine wa banja, atate. Ndine mwini wa buku."

Alamu anafunsa ngati maliro asanduka laibulale, anthu ena n'kuseka chapansipansi. Mayiyo sanasunthe. Anangotambasula manja onse awiri mwaulemu n'kudikira, mpaka alamu anachita manyazi n'kumupatsa. Analiika m'chikwama. Mabuku ena onse anapita kukakulunga mtedza ku Kanyama.

Ndikudziwa kuti anachita bwino. Koma ine ndili pansi paja ndinkaona zina. Azimayi ondizungulira anayang'anana, kenako n'kuyang'ana ine. M'nyumba yanga, pamaliro a mwamuna wanga, mkazi amene anatha kuimirira n'kulankhula anali iyeyo. Ndipo chinthu chomaliza chimene manja a amuna anga anagwira m'nyumbamo chinatuluka m'chikwama chake, kamtengo ka tsache langa kali momwemo.

Miyezi inapita. Nyumba sanatilande, ndipo ndinabwerera pamsika chifukwa ana ankafunika kudya. Anthu amaganiza kuti wamasiye amangoganiza za malemu. Ine nthawi zambiri, ndikamatembenuza vitumbuwa m'mafuta, ndinkaganiza za mwamuna wa ngolo uja. Kodi anawoloka? Kodi asilikali anamugwira? Munthu wosadziwa kusiyanitsa mizere angathe bwanji njira ya kumafamu? Ndinkadziuza kuti ndi zachibwana, munthu wa m'buku si munthu. Koma mawa lake funso linali lomwelo.

Ndinafunsa telala. Anati bukulo linayenera kufika kwa iye pambuyo pa malemu, koma ba ticha sanalitulutsenso, ndipo iye anachita manyazi kufunsa. Ndinafunsa mdala wa mabasi. Anandikumbutsa lamulo lawo, kenako anavomera kuti nayenso sanaliwerenge. Chilimba tsopano chinkakumana kunyumba kwa mphunzitsiyo. M'Matero monse munali munthu mmodzi yekha wodziwa zimene ndinkafuna, ndipo anali amene sindinkafuna kumupempha kanthu.

Mkulu wanga anati ndizisiye, ndikakadzichepetsa kwa mkazi ameneyo ndidzanyoza malemu. Ndinapirira mvula yonse. Itatha, tsiku lina nditaweruka pamsika, ndinaika vitumbuwa m'mbale, n'kuphimba ndi kansalu, n'kupita.

Anandilandira bwino, mwina bwino kwambiri. Anandipatsa mpando, iye n'kukhala pakampando kakang'ono. M'nyumba mwake munali matabwa oikidwa panjerwa, odzaza mabuku. Buku lija linali pamwamba palokha, kamtengo kakuonekera. Ataona kuti ndaliona, anati wakhala akulephera kulipereka kwa telala, chifukwa telala akanachotsa kamtengoko. Ananena motsitsa mawu. Ndinkafuna kumufunsa kuti iye ndani kuti azisunga malo a mwamuna wanga, koma ndinali mlendo, ndipo ndinabwera kudzapempha.

Ndinanena chimene ndinabwerera. Anati mathero sangandiuze, lamulo ndi lamulo, koma angathe kundiwerengera kuyambira pakamtengo, chifukwa ngakhale m'chilimba cha pamsika munthu akamwalira wotsala amalowa m'malo mwake. Ndinati sindikufuna zambiri, ndikufuna chinthu chimodzi chokha.

"Mwamuna uja anabwelako?"

"Mwamuna uti, amai?"

"Wa mayi wa buledi. Uja anayenda na ngolo kukafuna fulawa."

Anafunsa ngati sindikusokoneza ndi buku lina. Ndinati ayi, ndi lomweli, la nkhondo, la matumba obisa pansi pa matabwa. Anatenga bukulo, osagwedeza kamtengo, n'kutsegula koyambirira. Anawerenga pang'ono n'kundimasulira. Mwamuna wa mayi wophika buledi anamwalira nkhondo isanayambe. Bukulo limayamba ndi mayiyo akuchokera kumanda. Kuyambira pamenepo mpaka pakamtengo, m'nyumba mwake munalibe mwamuna aliyense. Amene anapita ndi ngolo kukafuna fulawa anali mayiyo mwini wake.

Ndinakana. Ndinati nanga nyuzipepala, nanga polishi? Anafunsa kuti polishi wanji, ndipo ine, pofuna kumutsimikizira, ndinamufotokozera za mzere wolakwika ndi thabwa lotulutsira buledi. Anaseka mwadzidzidzi ngati mmene ankasekera pansi pa mango, n'kudzigwira pakamwa. Kenako kuseka kunatha. Anavula magalasi n'kuwaika pamiyendo.

"Ine sananiuzepo ivo," anatero.

Anati kwa iye malemu ankanena kuti bukulo ndi lolemera, kuti mayiyo ali yekha mopitirira, ndipo likuwasowetsa mtendere, koma sangalisiye. Anati Lamlungu lomaliza malemu anamufunsa ngati mkazi angathedi kulera ana yekha nthawi ngati imeneyo, kapena wolembayo akungokometsa. Iye anawayankha kuti awerenge adzaona.

Pobwerera kunyumba sindinadutse njira ya pamsika, sindinkafuna kupatsana moni ndi anthu. Poyamba ndinamva kanthu kokoma, kuti pali chimene mayi wa mabuku ambiriyo analibe ndipo ine ndinali nacho. Koma ndisanafike pampopi wa madzi, kukomako kunali kutachepa. Amuna anga ankadziwa kumene chifuwa chawo chinkapita. Mantha awo anakawatula kwa iye, pansi pa mtengo wanga, m'chilankhulo chimene ine sindimva, mwina ine ndili pompo ndikuthira tiyi. Kwa ine anabweretsa nthabwala. Kodi anaona kuti sindingapirire? Kapena anaona kuti nkhani yeniyeni ndi ya anthu ophunzira? Masiku ena ndimati anandikonda kwambiri moti sanafune kuti ndione mkazi wamasiye ngakhale m'buku. Masiku ena ndimati akanandifunsa ineyo funso lija, ine wokanda fulawa, osati munthu wopanda mwana. Wondiyankha palibe.

Lamlungu lotsatira ndinabwerera, anzake atabalalika. Anachotsa kamtengo n'kundipatsa m'manja, ndipo anayamba kuwerenga. Ankawerenga chiganizo m'Chingerezi, kenako n'kuchinena m'Chinyanja, mawu amodzimodzi kwa munthu aliyense, osasiya kanthu, osawonjezera kanthu. Zinalibe kukoma kwa pakhomo la khitchini, koma ndinkadziwa kuti chilichonse chimene akunena chili papepala. Mayi wophika buledi anawoloka mtsinje. Anabwerako ndi thumba limodzi, zala ziwiri zitafa ndi chisanu. Mwana wake wamkulu anatengedwa ndi asilikali. Ankalankhula yekha pokanda fulawa. Pena ndinkamuuza mphunzitsiyo kuti aime kaye, ndituluke panja.

Tinatero Malamulungu angapo. Nthawi iliyonse tikamaliza, akamatseka buku, ankandipempha mwaulemu kuti ndimuuzeko zina za mwamuna waulesi uja. Ankapempha ngati mwana wopempha chitumbuwa chophwanyika. Ndinkamupatsa pang'ono. Ndinamuuza za tsiku limene anagona pamatumba a fulawa asilikali akufufuza m'nyumba, akudzinamiza kuti akudwala nthenda yopatsirana. Ndinamuuza mmene ankawerengera mkazi wake nyuzipepala yakale ngati yatsopano. Ankamvetsera maso ali pansi. Nthawi ina anati akumva mawu a malemu mmene ndikunenera, ndipo tsiku limenelo ndinalekeza msanga.

Bukulo linatha Lamlungu lina kukuzizira. Nkhondo inatha, mwana wamkulu sanabwerere, mayiyo anakolezanso uvuni wake n'kuyamba kuphunzitsa mwana wake wamkazi kukanda, popeza manja ake anali atalumala. Mawu omaliza anali a anthu akufola pakhomo pake m'mawa. Ndinafunsa ngati ndi pomwepo. Anati ndi pomwepo, n'kundionetsa pepala loyera lotsatira.

Kenako anati pali chimodzi chimene wakhala akufuna kufunsa. Munthu wolankhulalankhula ngati mwamuna waulesi uja sakanachoka ndi ngolo osanena kanthu. Kodi pakhomo paja anamuuza chiyani mkazi wake?

Anamuuzadi. Amuna anga ananena mawuwo madzulo aja asanapite kuchipatala, buku lili chotseka pabondo, ndipo sanasinthe mawu kuti amveke ngati a munthu wina. Ndinayang'ana mayiyo, matabwa ake a mabuku, magalasi ali m'manja.

"Naiwala, ba ticha," ndinatero. "Papita nthawi."

Anagwedeza mutu. Sindikudziwa ngati anakhulupirira. Anati mawa popita kusukulu adutsa pamsika, akasiye bukulo kwa telala. Ndinatenga mbale yanga n'kutsanzika.